ALICK NKHATA, WOIMBA WA PA WAILESI

Munthu wocokera ku Kafue akakwera basi kupita ku Lusaka, ulendo wa makilomita ngati 45, nakayendayenda mu mzindamo, adzapeza mseu wina waukulu wochedwa Alick Nkhata Road. M'mbali mwa mseu umenewo muli nyumba zoulutsira mau ndi zithunzi za dziko la Zambia. Anthu ambiri amapita pa mseuwo tsiku ndi tsiku osamdziwa mwini dzinalo. Iye sanali mfumu, ndiponso sanali nduna ya Boma. Anali munthu woimba nyimbo ndi gitala, ndi woulutsa mau pa wailesi. Mbiri yace ndi iyi.

Kubadwa kwace

Alick Nkhata anabadwa m'caka ca 1922 ku Kasama, kumpoto, m'dziko la Abemba. Masiku amenewo dziko lino linali kuchedwa Northern Rhodesia. Atate wace anali a mtundu wa Atonga, ndipo amai wace anali a mtundu wa Abemba. Motero mitundu iwiri inakomana mwa iye cibadwire, ndipo atakula sanali munthu wosankha mtundu poimba. Anaimba m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina.

Pa nthawi ya ubwana wace m'midzi munalibe wailesi, ndipo galamafoni inali cinthu cosowa. Koma nyimbo sizinasowe ai. Akazi anali ndi nyimbo za pamtondo ndi za kucinamwali, amuna anali ndi nyimbo za kuuzimba ndi za pamowa. Panali nyimbo za pamaliro, nyimbo zotamanda mafumu, ndi nyimbo za m'nthano zimene ana anali kubvomera madzulo pamoto. Zoimbira anthu anali kudzipangira okha: ng'oma za mtengo ndi cikopa, ndi kalimba wa timano ta citsulo, amene amamliza ndi zala zazikulu ziwiri. Panalibe munthu wolemba nyimbo zimenezi m'buku. Zinali kukhala m'mitima ya anthu cabe, kotero kuti nkhalamba ikamwalira isanaphunzitse mwana, nyimbo zace zinali kulowa nayo m'manda.

Ku nkhondo

M'caka ca 1939 kunabuka nkhondo yaikulu yaciwiri ya dziko lonse lapansi. Anyamata ambiri a ku Northern Rhodesia ndi a ku Nyasaland analembedwa usilikali. Ena anatumizidwa ku Somaliland ndi ku Abyssinia, ena ku Madagascar, ndipo ena anaoloka nyanja yamcere kufikira ku Ceylon ndi ku Burma kukamenyana ndi Ajapani. Alick naye analowa usilikali, nafika ku Burma.

Burma ndi dziko la nkhalango zowirira, la mvula yambiri ndi malungo. Asilikali anabvutika kwambiri kumeneko, ndipo ambiri sanabwerere kwao. Cimodzi ca zinthu zimene zinali kuwalimbitsa mtima cinali nyimbo. M'misasa ya nkhondo munakomana amuna a ku Kenya, a ku Uganda, a ku Tanganyika ndi a kuno kwathu, yense ndi nyimbo za kwao. Anamvanso mbale za galamafoni za ku Ulaya ndi za ku America, ndi kuona m'mene gitala amalirira m'manja mwa odziwa. Nkhondo itatha m'caka ca 1945, asilikali ena anabwera ndi luso limeneli ku maiko ao. Ku Kenya kunachuka Fundi Konde, amene anali kusangalatsa asilikali anzace ndi nyimbo pa nthawi ya nkhondoyo. Kuno kunachuka Alick Nkhata.

Aphunzira kumvetsera

Atabvula za usilikali, Nkhata anagwira nchito pamodzi ndi Mzungu wina dzina lace Hugh Tracey. Munthu ameneyu anabadwira ku England m'caka ca 1903, nabwera ku Southern Rhodesia akali mnyamata. Pogwira nchito m'munda pamodzi ndi Akaranga anaphunzira cinenero cao ndi nyimbo zao, nazikonda. Azungu ambiri a masiku aja anali kuyesa nyimbo za Afirika phokoso lopanda pace, koma Tracey anaona kuti zinali cuma coti cisatayike. Cifukwa cace anayamba kuyenda maiko ambiri ndi makina ojambulira mau m'galimoto, kufunafuna oimba m'midzi, m'mabwalo a mafumu ndi m'makomboni a pa migodi.

Nchito imeneyi ifuna munthu wodekha. Wojambula ayenera kuyamba wapereka ulemu kwa mfumu ndi akulu a pamudzi, ndi kufotokoza cimene wadzera. Ayenera kudikira kuti ng'oma ziwambidwe pamoto ndi kuti oimba acotse manyazi. Nyimbo ikatha ayenera kufunsa dzina la woimba, tanthauzo la mau, ndi nthawi imene nyimboyo imaimbidwa, ndi kulemba zonsezo bwino. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa nchito imeneyi Nkhata anaphunzira cinthu cimene oimba ambiri saciphunzira, ndico kukhala cete ndi kumvetsera nyimbo ya mnzace kufikira ataidziwa bwino. Anazindikiranso kuti nyimbo za makolo sizicepa pamaso pa nyimbo za m'mbale zocokera kunja.

Kalizidwe ka gitala masiku aja

Kuti timvetse nchito ya Nkhata, tiyenera kuyamba tadziwa m'mene gitala analowera m'dziko lino. Njanji yocokera kumwera inaoloka mtsinje wa Kafue pa ulalo wa citsulo m'caka ca 1906, ndipo m'caka ca 1909 inafika ku malire a Congo. Pambuyo pace migodi ya mkuwa inatsegulidwa, ndipo amuna zikwi zambiri anasiya midzi yao kukagwira nchito kumeneko. Sitima zimene zinali kunyamula mkuwa kupita kumwera zinali kubwerako ndi katundu wa m'masitolo: njinga, nsaru, magalamafoni, ndi magitala a mtengo wocepa opangidwa ku South Africa. Mnyamata wa pa mgodi kapena wa pa njanji akasunga ndalama miyezi ingapo, anali kutha kudzigulira gitala wace.

Anyamata amenewa analibe mphunzitsi, analibenso buku. Ambiri a iwo sanali kuimbira ndalama. Usana anali kugwira nchito yao, ndipo madzulo anali kukhala pakhomo ndi gitala, kudzisangalatsa okha ndi anzao. Popeza panalibe wowauza kalizidwe ka Azungu, anatenga nzeru za kumudzi naziika pa coimbira cacilendoco.

Gitala ali ndi nsambo 6. Zitatu za kumwamba n'zonenepa, ndipo zimalira mau akulu. Zitatu za kumunsi n'zoonda, ndipo zimalira mau ang'ono. Dzanja lamanzere limakanikiza nsambo pa khosi la gitala, pakati pa timizere ta citsulo, ndipo dzanja lamanja ndilo limaliza. Pali njira ziwiri zolizira. Yoyamba ndiyo kukwapula nsambo zonse pamodzi. Yaciwiri, imene ili yobvuta koposa, ndiyo kutola nsambo imodzi imodzi ndi zala. Oimba a ku Migodi ndi a ku Katanga anakonda njira yaciwiriyi, ndipo ambiri anali kuliza ndi zala ziwiri zokha. Cala cacikulu cinali kuyenda pa nsambo zonenepa, kusunga mayendedwe a nyimbo monga icitira ng'oma yaikulu pabwalo. Cala ca mkombaphala cinali kutola nsambo zoonda, kuyankha mau a woimbayo. Motero munthu mmodzi anali kumveka ngati anthu awiri, wina wotsogolera nyimbo ndi wina wobvomera. Ndimo m'mene zala ziwiri zimagawanira nchito pa kalimba.

Ena anali kukunga nsambo m'njira yao yao, kuti zigwirizane ndi nyimbo za kwao. Nyimbo ikatsika kwambiri kosayenerana ndi mau a woimba, anali kumanga kamtengo kapena pensulo mopingasa pa khosi la gitala, ndipo mau a nsambo zonse anali kukwera. Mnzace wokhala pambali anali kugogoda botolo ndi mpeni kapena msomali, kuti obvina apeze poponda. Ana amene analibe ndalama anali kupanga mabanjo ao ndi cigubu ca mafuta, thabwa ndi waya, ndipo ambiri a oimba ochuka anayambira pamenepo.

Luso limeneli silibwera tsiku limodzi. Masiku oyamba nsonga za zala zimawawa, kufikira khungu litalimba. Cala cacikulu cimafuna kutsata cinzace m'malo mosunga njira yace, ndipo wophunzira ayenera kubwereza kacigawo kamodzi pang'ono pang'ono, madzulo ndi madzulo, mpaka zala zitazolowera kuyenda cosayang'aniridwa. Ena anafika patali ndithu. Ku Bulawayo kunali George Sibanda. Ku Katanga kunali Jean Bosco Mwenda, amene Tracey anamjambula m'caka ca 1952 ku Jadotville, mzinda umene lero uchedwa Likasi. Ku Migodi kunali Stephen Tsotsi Kasumali ndi anzace ambiri. Koma woimba wa m'komboni anali kumveka kwa anansi ace okha. Panafunika njira yoti nyimbo yace ifike kutali, ndipo njirayo inali wailesi.

Pa wailesi ya ku Lusaka

Boma linayamba kuulutsa mau ku Lusaka m'caka ca 1941, makamaka kuti anthu amve za nkhondo ndi za ana ao amene anali ku usilikali. Nkhondo itatha, mkulu wa za nkhani m'Boma, Harry Franklin, anafuna kuti wailesi ikhale ya anthu akuda a m'maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Nyumba youlutsira mauyo inachedwa Central African Broadcasting Station. Koma panali bvuto limodzi: mawailesi anali a mtengo wapatali, ndipo m'midzi munalibe magetsi. Franklin anayenda kufunafuna kampani yoti ipange wailesi yocepa mtengo, ndipo kampani ya Ever Ready ya ku England inabvomera. M'caka ca 1949 wailesiyo inayamba kugulitsidwa. Inali yozungulira ngati sefuliya, cifukwa cace inachedwa Saucepan Special. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndipo batire lace linali paundi 1 ndi masheleni 5. M'zaka zowerengeka mawailesi amenewa anafala m'makomboni ndi m'midzi, ndipo pa wailesi imodzi panali kusonkhana banja lonse pamodzi ndi anansi.

Pa nthawi yomweyo Nkhata analowa nchito m'nyumba ya wailesiyo monga woulutsa mau ndi woyang'anira za nyimbo. Anagwira nchito pamodzi ndi amuna ena anzeru, monga Andreya Masiye, amene anali kuulutsa m'Cinyanja. Mau anali kupita m'Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cingelezi. Anthu anakonda koposa nthawi yochedwa Zimene Mwatifunsa, pamene omvera anali kulemba makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale ao okhala kutali. Mwamuna wa ku mgodi anali kutha kulonjera mkazi wace ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ndipo mudzi wonse unali kumva.

Apa nzeru zimene Nkhata anaphunzira kwa Tracey zinagwira nchito. Anchito a wailesi anali kuyenda ndi makina ao m'maboma ndi m'midzi kukajambula nyimbo za makolo, ndipo oimba magitala a m'matauni anali kuitanidwa kudzaimba. Motero m'nyumba ya wailesi munasonkhanitsidwa nyimbo zambirimbiri za mitundu yonse. Mlozi anamva nyimbo ya Mnsenga, ndipo Mcewa anamva ya Mlamba. Mnyamata wa pa njanji ku Kafue, amene sanaonepo Kitwe kapena Bulawayo, anali kuchera khutu pa wailesi madzulo, m'mawa mwace nayesa pa banjo yace cimene anamva. Wailesi inasanduka mphunzitsi wa oimba amene analibe mphunzitsi. M'caka ca 1952 Nkhata analembanso nkhani m'Cingelezi yonena za magulu a anthu okonda nyimbo za Afirika, pakuti anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga.

Nyimbo zace

Nkhata sanali kuulutsa nyimbo za ena zokha. Anasonkhanitsa anzace napanga kagulu kochedwa Alick Nkhata's Quartet, ndipo pambuyo pace gulu lokulirapo lochedwa Lusaka Radio Band, limene linadzachedwanso Big Gold Six. Mau ace anali ofatsa ndi omveka bwino, ndipo gitala wace sanali kupikisana ndi mauwo, koma kuwaperekeza. Anzace anali kubvomera m'mau osiyana ogwirizana bwino.

Kacitidwe kace kanali kotere. Anali kutenga nyimbo ya kumudzi, imene kale inali kuimbidwa ndi ng'oma ndi m'manja, naikonza kuti iyenere gitala, osataya mtima wace wa nyimboyo. Imodzi ya nyimbo zimene anaimba ichula Kalindawalo, mfumu yaikulu ya Ansenga a ku Petauke. Nyimbo zina anapeka yekha, zonena za moyo watsopano wa m'tauni: za ndalama ndi mowa, za maukwati osalimba, za anyamata ndi atsikana oiwala mwambo, ndi za cisoni ca kusiyana ndi wokondedwa. Ina yochuka kwambiri ichedwa Shalapo, ndiwo mau a Cibemba otsazikira munthu wotsala. Anali kudzudzula moseketsa, monga acitira akazi pamtondo, kotero kuti wolakwayo anali kuseka pamodzi ndi anzace, koma mumtima atamva.

Anthu ophunzira a masiku aja ena anali kucita manyazi ndi nyimbo za makolo ao, poyesa kuti kutsogola ndiko kuimba za Azungu zokha. Pamene anamva nyimbo za kumudzi zikuturuka mu wailesi, zoimbidwa bwino ndi munthu wophunzira ndi woyenda maiko, manyazi aja anayamba kucepa.

Masiku obvuta

M'caka ca 1953 maiko atatu aja anaphatikizidwa m'Citaganya, anthu akuda asakufuna. Mitima ya anthu inawawa, ndipo ambiri anayamba kukayika ciri conse cocokera ku Boma. Popeza wailesi inali ya Boma, anchito ace anakayikiridwanso. Kunamveka mphekesera zabodza zakuti oulutsa mau anali kugwirizana ndi banyama, ndiwo anthu amene amati amagwira anzao usiku ndi kuwacotsa mwazi. Anchito a wailesi anakhala ndi mantha poyenda m'makomboni. Peter Fraenkel, amene anagwira nao nchito, analongosola za masiku amenewo m'buku lace lochedwa Wayaleshi, limene linasindikizidwa m'caka ca 1959.

Unali mtolo wolemera kwa munthu wokonda anthu a mtundu wace, kumgwirira nchito mwini wailesi amene anthuwo sanali kumkhulupirira. Nkhata sanathawe. Anakhalabe pa nchito yace, napitiriza kuulutsa nyimbo za anthu ace m'zinenero zao. Pamene nthawi ya ufulu inayandikira, anaimba nyimbo zolimbikitsa anthu pa ulendo wa kudzilamulira. Citaganya cinatha pa kutha kwa caka ca 1963, ndipo pa 24 October 1964 dziko la Zambia linabadwa. Mtsogoleri wace woyamba, Kenneth Kaunda, nayenso anali munthu wokonda kuliza gitala ndi kuimba.

Dziko litalandira ufulu, Nkhata anakwezedwa nakhala mkulu wa Zambia Broadcasting Services. Mnyamata wa ku Kasama uja tsopano anali kuyang'anira mau opita ku dziko lonse. M'zaka za m'ma 1970 Boma linalamula kuti nyimbo zoculuka za pa wailesi zikhale za oimba a m'Zambia. Lamulo limeneli linapeza njira italambulidwa kale ndi Nkhata ndi anzace.

Imfa yace

Atapuma pa nchito ya Boma, Nkhata anakakhala ku munda wace kufupi ndi Mkushi, nayamba ulimi. Koma masiku amenewo ku Rhodesia kunali nkhondo ya ufulu, ndipo Zambia inalandira othawa nkhondo ndi omenyera ufulu a dziko lija, niwapatsa malo omangapo misasa. Umodzi wa misasa imeneyo unali m'dera la Mkushi.

Tsoka silinunkha. Pa 19 October 1978 asilikali a Rhodesia analowa m'Zambia ndi ndege, naponya mabomba pa msasa wa ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndi pa msasa wa ku Mkushi. Anthu ambiri anafa tsiku limenelo. Alick Nkhata, amene munda wace unali pafupi, anaphedwa m'cipolowe comweco, ali ndi zaka ngati 56. Munthu amene anapulumuka ku nkhondo yoopsa ya ku Burma anafera kwao, pa nkhondo ya dziko la eni. Patapita zaka zosakwana ziwiri, m'caka ca 1980, dziko lija linalandira ufulu nilichedwa Zimbabwe.

Cimene anasiya

Mau ace sanafe naye. M'caka ca 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa nyimbo zace zakale niziturutsanso, kotero kuti anthu a maiko akutali anazimva. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula zisungidwa ku Rhodes University, mu mzinda wa Makhanda ku South Africa, ndipo mwa izo muli magitala a anyamata a ku Migodi aja. Ku Lusaka dzina lace linaikidwa pa mseu wopita ku nyumba ya wailesi.

Oimba aluso analipo ambiri m'masiku ace, ndipo ena anali kumposa pa kuthamanga kwa zala. Cimene cinamkuza Nkhata ndi ici: anayamba wamvetsera akulu asanadziyese mphunzitsi, ndipo cimene anaphunzira sanacibise. Gitala ndi wailesi zonse ziwiri zinali zinthu zacilendo, koma iye anaziphunzitsa kulankhula zinenero za kwathu. Mwana amene ali ndi banjo ya cigubu, kapena gitala wobwereka kwa amalume ace, angathe kuyamba pamene iye anayambira. Apite kwa agogo ace akapemphe nyimbo imodzi yakale, aimvetsere kufikira ataidziwa, aifunefune pa nsambo ndi zala zace ziwiri, ndipo akaipeza aphunzitse mnzace.

Mafunso

1. Kodi Alick Nkhata anabadwira kuti, ndipo m'caka citi?
2. Anaphunzira ciani pogwira nchito ndi Hugh Tracey?
3. Fotokozani nchito ya cala cacikulu ndi ya cala ca mkombaphala poliza gitala.
4. Cifukwa ninji wailesi ya m'caka ca 1949 inafala msanga m'midzi?
5. Pemphani munthu wamkulu wa kwanu akuphunzitseni nyimbo imodzi yakale. Lembani mau ace, tanthauzo lace, ndi nthawi imene inali kuimbidwa.